Tsiku Limene a Muhiwa Anakagwa Kumwamba

Linali Loweruka lomaliza la mwezi wa Okutobala, chaka chachitatu chipitire njala yaikulu ija, ndipo ndikunenetsa kuti Loweruka chifukwa alipo ena a ku Chimaliro amene amati linali Lachisanu, koma iwowo nkhaniyi anangoimva, ine ndinalipo. Mvula ya chizimalupsa inali itawaza kamodzi nkuleka, kumwamba kunali mbuu ndi utsi kotero kuti phiri la Mulanje linkaoneka mwa chizimezime, ndipo tiyi m'minda ya esiteti anali atafota kudikira mvula yeniyeni. Kunatentha kuyambira m'mamawa, kutentha kuja koti wopanda nsapato amawoloka msewu modumphadumpha. Tsiku limenelo mng'ono wanga Dayisoni anakwera ndege, ndipo pokatsika anapeza ukwati wake uli pangozi.

Inu ana a masiku ano ndege mumazionera pa foni mutakhala pa kabaza, ndipo ikadutsa pamwamba pa Khonjeni simukweza nkomwe mutu, koma kale ndege ikalira mumlengalenga aphunzitsi ankatsala okha m'kalasi. Tsono ganizani pamene ina inabwera kudzatera pa bwalo lathu la mpira, limene tinachita kulitchetcha ndi kulitalikitsa ndi manja athu. Eni esiteti ankafuna kutsegula minda yatsopano kumunsi kwa mtsinje, ndipo anaganiza zoti malowo akaonedwe kuchokera kumwamba. Kanali kandege kakang'ono, ka mapiko awiri osanjikizana ndi mipando iwiri yopanda denga, wokwera kutsogolo, woyendetsa kumbuyo. Woyendetsayo anali mzungu woonda wa ndevu zofiirira amene anaulutsapo ndege pa nkhondo, ndipo ife tinamutcha Kabawi. Anali wansangala, koma Chinyanja chake chinali chotola m'khitchini, mawu awiri apa, atatu apo.

Anasankha Dayisoni kuti akamulozere malire chifukwa ndiye anali kapitawo wa gulu lolambula misewu, wodziwa khwawa lililonse ndi dzina lake. Mng'ono wangayo anali wamtali, wolowa pakhomo atawerama, ndipo anali atangochira malungo. M'mawa umenewo sanadye kanthu, ngakhale madzi anakana, ati kuopa kukasanza pamaso pa mzungu. Zimenezi muzisunge, ana inu.

Musungenso ichi. Dayisoni anali atafunsira mbeta kwa Kapichi, mtsikana wothyola tiyi dzina lake Esinati, ndipo popeza amalume athu anatsalira kwa Apwitikizi, nkhoswe ya kuchimuna ndinali ine. Kuchikazi mwinimbumba anali a Muhiwa, amalume ake a Esinati, munthu wojintcha, wosalankhulalankhula, amene anabwera kuno wapansi ali mnyamata atasenza mphasa ndi khasu. Zonse zinali zitalongosoka. Mkamwini anapatsidwa malo, nyumba inamangidwa, phaso linakwera, udzu unamwetedwa, kunangotsala kufolera mvula isanagwe kuti ukwati ulengezedwe kutchalitchi.

Ndege ija inanyamuka, inapita kumunsi, inazungulirazungulira kumene kunali ntchito, ndipo pobwerera Kabawi ataona khamu litadzaza m'mbali mwa bwalo anafuna kutisangalatsa. Anaitsitsa mphuno ngati ikudzatigwera, amayi nkumwazikana, kenako anaikweza mwadzidzidzi, inakwera, inagadama chagada, inazungulira ngati gudumu la ngolo. Tinaomba m'manja. Koma itatera, Dayisoni anatsika atatuwa, maso akuyendayenda, nandifunsa kuti, "Achimwene, kodi tili kuti?"

Kabawi analumpha akuseka, namusisita pamsana, nafuula kuti aliyense amve: "Uyu kugwa! Kumwamba uko, kugwa! Mutu pansi, manja chonchi, chonchi!" Uku akugwedeza manja ndi kutembenuza maso.

Palibe anaseka naye. Mzunguyo sankadziwa chimene wanena. Kwathu kuno munthu akapunthwa timati wapunthwa, akakomoka timati wakomoka, koma tikanena kuti uje amagwa, ndipo tikaonjezapo za manja ogwedezeka, tanena matenda akugwa, khunyu. Ndipo masiku amenewo, ana inu, dzina limenelo linali lolemera kuposa matenda enieniwo. Anthu ankakhulupirira kuti amapatsirana pa chikho, pa mbale, ngakhale pa malovu, ndiponso kuti amayenda m'magazi kufika kwa ana. Ndinaona ndi maso anga khamu lija likubwerera m'mbuyo, mng'ono wanga atatsala yekha pakati pa bwalo.

M'mawa mwake kutchalitchi benchi yathu inali ndi malo ambiri. Titaweruka, a Muhiwa anandiitanira pansi pa mtengo wa mango, ndipo sanazungulire.

"Ankhoswe anzanga, udzu uja ubakhala pansi."

Ndinati, "Bambo, mwanayu ndakula naye. Chibadwire sanagwepo."

"Sindikukutsutsani. Koma chilichonse chili ndi tsiku loyamba. Mbumba imeneyi anandisiyira ndi alongo anga, ndipo ndikalowetsamo nthenda, adzukulu adzafunsa ine, osati inu."

"Nanga mvula ikagwa nyumba isanafoleredwe?"

"Nyumba imamangidwanso," anatero, natenga ndodo yawo.

Musaganize kuti anali munthu wouma mtima. Ankachita zimene mwinimbumba aliyense akanachita ndi nzeru zimene tinali nazo. Wolimba mtima pa tonsefe anali Esinati. Lolemba pa nthawi yopuma, anthu atakhala m'mphepete mwa munda madengu ali pambali, Dayisoni anamwa thobwa payekha, ndipo mtsikanayo anadzuka, nakalanda chikho m'manja mwake, namwa chotsalacho anthu onse akuona. Mnzake wina anakuwa kuti, "Iwe, wapenga?" Iye anapukuta pakamwa nati, "Ndikagwa mudzanditole." Anatembenukira kwa ine nati, "Alamu, inu ndinu nkhoswe, mwangokhala? Pitani naye kwa adotolo."

Adotolo athu pa dispensale ya esiteti anali a Yotamu, bambo wa ku Chimaliro amene anapita ku nkhondo monga wothandiza madokotala, ndipo kwa nthawi ndithu anagwira ntchito pa chipatala cha pafupi ndi bwalo la ndege za asilikali. Anamuyeza Dayisoni, namufunsa mafunso ambiri: unadya? unamwa madzi? unadziluma lilime? chinayamba ndi chiyani?

Dayisoni anati, "Thupi linalemera ngati andisenzetsa matumba a feteleza, masaya anakokekera pansi, manja osanyamulika. Kenako mitundu inathawa, tiyi yense wobiriwira uja anasanduka phulusa, ndinkaona ngati ndikusuzumira m'nsungwi, basi mdima."

A Yotamu anamenya tebulo. "Ndazimvapo zimenezi! Mawu omwewa, kwa anyamata oulutsa ndege, athanzi ngati ng'ombe. Iwe sunagwe ayi. Magazi ako ndiwo anatsika."

Ndipo anatifotokozera zimene ndikufuna inunso muzimvetse, pakuti ena mwa inu mukuphunzira sayansi ndipo mumaganiza kuti inafika kuno ndi magetsi. Anati ndege ikamathamanga nkukhota mwadzidzidzi, kapena kukwera itangotsika, chilichonse chili m'katimo chimakankhidwira pansi pa mpando, ndipo magazi, poti ndi amadzimadzi, amathawira kumimba ndi kumiyendo. Mtima umayesetsa kuwakweza koma umalephera, maso ndiwo amayamba kusowa, kenako ubongo, munthu nkukomoka, ndipo magazi akamabwerera manja amatha kugwedezeka kanthawi. Wamtali, wanjala, waludzu, wongochira kumene, amafulumira. Anati pa nkhondo anyamata ambiri anatayika motero asanawomberedwe ndi mdani, mpaka madokotala akuluakulu a kutali anamanga chimakina chonga mtanda wautali wozungulira, kumapeto kwake kuli mpando, ndipo ankakhazikapo anthu nkuwazungulitsa, ena mwa madokotalawo nkukhalapo okha, kuti aone mdima umabwera liti ndipo ungachedwetsedwe bwanji. Zimene anapeza anazilemba, madokotala a mayiko ena anawerenga nayesanso, ena anasoka mathalauza ofinya miyendo ndi mpweya, ena anaphunzitsa oulutsa ndege kudzilimbitsa thupi, ndipo nzeruyo inayenda kuchoka kwa dokotala kupita kwa dokotala mpaka inafika kwa amene ankaphunzitsa a Yotamu.

Ine ndinati, "Adotolo, mawu amenewa akamveke kwa Kapichi."

Tinapita Lachitatu dzuwa litapendeka. A Muhiwa anatilandira pakhonde, alongo awo a Elube, mayi ake a Esinati, atakhala pa mphasa chapatali. A Yotamu anatulutsa botolo la mankhwala lopanda chitsekero, nathiramo madzi ofiira mpaka pakati, namanga chingwe m'khosi mwa botololo.

"Bambo, botolo ili ndi munthu. Khosi ili ndi mutu, pansi apa ndi miyendo, madziwa ndi magazi."

Analizungulitsa ngati gulaye, kukwera ndi kutsika, ndipo ngakhale pamene botolo linali chadodolido pamwamba pa mutu wawo, madzi onse anakanirira kumatako kwake, kukhosi osapita ngakhale dontho. Ana a pamudzi anakuwa. A Elube anagwira pakamwa. A Muhiwa anayang'anitsitsa, napempha kuti achitenso, kenako anazungulitsa okha.

"Zaoneka," anatero. "Koma adotolo, botolo lilibe mtima, ndipo mwana wa mlongo wanga sakukwatiwa ndi botolo."

A Yotamu sanakwiye. Pobwerera anati, "Mkuluyu akunena zoona. Tiyenera kumuonetsa munthu." M'mawa mwake anapita kwa Kabawi, amene anali asanamalize ntchito yake, namuuza m'Chingerezi chimene liwu lake lija lachita. Akuti mzunguyo anafiira nkhope mpaka m'makutu. Zimene a Yotamu anatiuza iye ankazidziwa bwino, anaziphunzira asanapatsidwe ndege, ndipo anati kuseka kuja kunali kwa chinzake, poti nayenso zinamuchitikirapo ali wophunzira. Anavomera kumukwezanso Dayisoni Loweruka lotsatira, bwana wamkulu wa esiteti naloleza.

Masiku otsalawo a Yotamu anamuphunzitsa mng'ono wanga kuseri kwa dispensale. Anamukhazika pa mpando namuuza kuti akamva thupi likuyamba kulemera aumitse ntchafu, akatumba ndi mimba ngati munthu wozula chitsa, akankhe mpweya pachifuwa osautulutsa, kenako aulavule mwachangu ndi kukoka wina. Pochita zimenezo pankatuluka kaphokoso konga ka munthu wodwala chifuwa, ndipo amayi odikira mankhwala anaseka mpaka misozi. "Sekani," ankatero a Yotamu, "koma m'miyendo yofinyidwa magazi sapezamo malo."

Loweruka loyamba la Novembala kunacha ndi mitambo yakuda chakum'mawa, mphepo ikununkha mvula. Anthu anabwera ochokera kwa Kapichi, ku Khonjeni, ku Chimaliro, mpaka ena anakwera m'mitengo ya bulugamu. Dayisoni anadya chinangwa chophika, namwa madzi okwanira, nakwera. Kabawi anachita monga tsiku lija, kutsika, kukwera, kugadama, ndipo itawongoka ndege tinaona dzanja lalitali likutuluka pa mpando wa kutsogolo likukupiza chipewa. Ana inu, phokoso limene linabuka pamenepo sindinalimvenso, ngakhale pa mpira. Anatsika akuyenda yekha, natchula zonse zimene anaona ali chagada, denga la fakitale, damu, ng'ombe za ku khola la esiteti.

Ine ndinathamangira kwa a Muhiwa. "Bambo, mwaona!"

"Ndaona," anatero modekha. "Koma ankhoswe anzanga, kodi wa khunyu amagwa tsiku lililonse? Lero sanagwe, chabwino. Chimene adotolo ananena ndi chakuti munthu wabwinobwino akhoza kugwa m'menemo. Icho sindinachione."

Ndinakhumudwa. Koma ankanena zanzeru. Ndiye a Muhiwa anapereka ndodo yawo kwa a Elube, navula jekete.

"Ine chibadwire sindinakomokepo, ngakhale pa njala ija. Mumuuze mzunguyo andikweze."

A Elube analira. "Achimwene, mwakalamba, mukufuna mutisiyire maliro m'malo mwa ukwati?"

"Khalani chete, mlongo wanga. Mwana ndi wanu, koma mlandu ndi wanga."

A Yotamu anawamvetsera pachifuwa ndi chipangizo chawo, nanena kuti mtima ndi wolimba, ndipo anauza Kabawi kuti achite kamodzi kokha. Kenako anayamba kuwaphunzitsa za kuumitsa mimba, koma a Muhiwa anakweza dzanja.

"Ayi, adotolo. Ndikadzitchinjiriza ndidziwa bwanji? Ndikhala wolobodoka ngati mmene anakhalira mwanayu tsiku loyamba."

Anawamanga malamba, anawaveka chisoti chachikopa, ndipo ndevu zawo zinatulukira pansi pake ngati za mbuzi, koma panalibe woseka. Ndege inanyamuka. Esinati anali ataima pafupi ndi ine akuluma nsonga ya chitenje, Dayisoni chapatali monga mwa ulemu wa mkamwini. Inakwera mpaka inachepa, inatsika ikulira, inakwezanso mphuno, inagadama. Itawongoka, pa mpando wa kutsogolo sipanatuluke dzanja.

Ndege inatera. Kabawi anatsika msanga, nawamasula, nawagwira mkono. A Muhiwa anaponda pansi, naima kanthawi miyendo itatang'adza. Mzungu uja anatsegula pakamwa kuti afotokoze, koma iwo anamugwira paphewa.

"Mumuuze bwanayu asalankhule. Chinyanja chake chatipweteka kale."

Pamenepo ena anayamba kuseka chamumtima. A Muhiwa anavula chisoti chija, nayang'ana khamu lonse, nalankhula mokweza, poyamba m'Chilomwe kuti akuluakulu amve, kenako m'Chinyanja.

"Ndinalemera ngati mwala. Phiri lija linasanduka phulusa. Dzuwa lili pamutu, kunandidera. Podzidzimuka ndinapeza manja anga akuvina okha, ndipo ndinkayesa ndili kwathu kuja ndinachoka ndili mnyamata, mayi anga akundiitana. Tsono imvani nonse. Ngati kumeneku ndiko kugwa, ndiye kuti Muhiwa amagwa, ndipo amene akuopa chikho cha mnyamata uyu aopenso changa. Koma ngati mukundidziwa kuti ndine wabwinobwino, liwu limeneli lithere pano."

Anatembenukira kwa ine. "Ankhoswe anzanga, mitambo iyo mukuiona? Mukuimiranji? Kafolereni nyumba."

Nthungululu zinayambira kwa a Elube. Anyamata a gulu la misewu anamunyamula Dayisoni pamapewa, ena anafuna kunyamula a Muhiwa koma anawaopseza ndi ndodo, ndipo a Yotamu anangokhala pa udzu akupukuta magalasi awo amene sanali akuda. Tinachoka pabwalopo molunjika kwa Kapichi, anthu ochuluka kuposa amene denga limodzi likanafuna, ena kuponya mitolo, ena kumanga luzi, ndipo madontho oyamba anatipeza tikumaliza pamsonga. M'mawa mwake ukwati unalengezedwa.

Lero mukudziwa zambiri kuposa ife. Mukudziwa kuti ngakhale khunyu lenilenilo silipatsirana pa chikho, kuti lili ndi mankhwala kuchipatala, ndipo wodwalayo amakwatira ndi kulera ana monga wina aliyense. Zimenezo ife tinadzazimva mochedwa, ndipo ndimakumbukira ndi chisoni ena amene analibe ndege yowayeretsa. Chimene ndikukupemphani ndi chochepa. Mukamva liwu lolemera likunenedwa za mnzanu, musathamangire kubwerera m'mbuyo; funsani kaye kuti wanena ndani, ndipo amatanthauza chiyani. Inu amene mumawerenga mabuku, werengani mofatsa, pakuti anthu aja anadzizungulitsa pa chimakina chawo sankadziwa kuti kuli mudzi wotchedwa Kapichi, koma ntchito yawo inafika. Ndipo mukadzakhala akuluakulu a mbumba, mudzakhale okonzeka kukwera nokha musanaweruze.

Amene anaima pafupi ndi ndege tsiku limene a Muhiwa anakwera, kuti mayina asatayike, ndi awa: a Muhiwa, mwinimbumba, a Elube, mlongo wawo, Esinati, Dayisoni, a Yotamu, adotolo, Kabawi, woyendetsa ndege, bwana wamkulu wa esiteti ndi mkazi wake, amene anabwera ndi ambulera, a Fulaye, kapitawo wa ku fakitale, a Nasiyaya, mzamba, amene anayamba nyimbo, a Jemusi, mkulu wa mpingo, Layitoni ndi Bizaliyele a gulu la misewu, amene ananyamula mkwati, a Malita, amene anabweretsa chinangwa, ndi ine, Wilisoni, nkhoswe ya kuchimuna.